Teremu yathunthu ndikupanga sudoku zanga pa intaneti: zimene ndaona

Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya pulayimale kunja pang'ono kwa tawuni ya Chipata, m'njira yopita ku Chadiza, ndipo Lachitatu lililonse masana ndimatsala ndi kagulu ka ana a Giredi 6 ndi 7 amene amakonda kusewera ndi manambala. Kwa zaka zingapo tinkadalira sudoku zimene ndinkadula m'manyuzipepala akale, koma zinali zochepa, ndiponso zambiri zinkakhala zolimba kwa mwana wongoyamba kumene. Teremu yachiwiri itayamba mu Meyi ndinaganiza zoyesa tsamba lina laulere la pa intaneti limene limalola munthu kupanga sudoku zake, ndipo ndaligwiritsa ntchito sabata iliyonse mpaka pamene tinatsekera mu Ogasiti.

Kwa amene sanaseweko, sudoku ndi bokosi la mipata 81, mizere 9 yopingasa ndi mizere 9 yotsika, logawidwanso m'timabokosi 9 ta mipata 9. Wosewera amadzaza manambala kuyambira 1 mpaka 9 mwakuti nambala isabwerezedwe mu mzere uliwonse kapena m'kabokosi kalikonse. Palibe kuwonkhetsa kapena kuchotsera, ndi nkhani ya kuona ndi kulingalira basi. Ambiri amaganiza kuti masewerawa anabadwira ku Japan chifukwa cha dzina lake, koma anayamba kusindikizidwa ku America mu 1979 pa dzina lakuti Number Place, ndipo amene amatchulidwa kuti anawayambitsa ndi Howard Garns. Kampani ya Nikoli ndiyo inawatengera ku Japan mu 1984, kumene Maki Kaji, mtsogoleri wa kampaniyo, anawapatsa dzina limene tikulidziwa lero.

Chimene chinandikankhira ku tsambali ndi manyazi amene ndinachita chaka chatha. Ndinakhala usiku wonse ndi pensulo ndi labala kupanga sudoku yangayanga, ndinailemba pa bolodi m'mawa mwake, ndipo ana awiri anamaliza pafupifupi nthawi imodzi koma ndi mayankho osiyana. Anayamba kukangana, aliyense akunena kuti mnzake walakwa. Nditayang'ana makope awo ndinapeza kuti onse akhoza. Pa mzere wachinayi ndi wachisanu panali mipata inayi imene 3 ndi 8 zinkatha kusinthana malo popanda kuphwanya lamulo lililonse. Mtsikana mmodzi anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, "Aphunzitsi, nanga inuyo yankho lanu ndi liti?" Wolakwa ndinali ine, pakuti sudoku yoona imayenera kukhala ndi yankho limodzi lokha, monga ndagi imene ili ndi tanthauzo limodzi, ndipo kutsimikizira zimenezi ndi maso ndi ntchito yotopetsa kuposa kuidzaza.

Apa ndiye pamene tsambali landigwirira ntchito yaikulu. Lili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yongodina batani kuti kompyuta ikupangireni sudoku yatsopano, ndipo imatuluka nthawi yomweyo. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda, imakupatsani bokosi lopanda kanthu kuti muike nokha pamene mukufuna manambala oyambira, amene wosewera amawapeza atalembedwa kale. Mukaika nambala yobwereza mu mzere, mpatawo umafiira pompo. Mukamaliza n'kudina batani lofufuzira, tsambali limakuuzani chimodzi mwa zinthu zitatu: kuti sudoku yanu ilibe yankho, ili ndi yankho limodzi, kapena ili ndi mayankho ambiri. Ndinayesa kulowetsa sudoku yanga ya chaka chatha ija, ndipo linaigwira msanga kuti ili ndi mayankho awiri. Nditaika 8 pa umodzi wa mipata inayi ija, vuto linatheratu. Zimene zinandidyera usiku wonse n'kundichititsabe manyazi zinakonzeka ndisanamalize kapu ya tiyi.

Kachitidwe kanga tsopano n'koyambira ku mapeto. Ndimatenga bokosi lodzaza kale, n'kumafufuta manambala awiriawiri, imodzi mbali ino ndi inzake yoyang'anizana nayo mbali inayo, kuti otsalawo aoneke bwino ngati maluwa a pa chitenje, monga mmene a Nikoli amakondera kuti sudoku zawo zizionekera. Ndikafufuta awiri ndimafufuza, ndipo tsamba likanena kuti mayankho achuluka ndimabweza zimene ndafufutazo n'kuyesa pena. Mnyamata wina wa m'kagulu kathu anaumirira kuti tione ngati tingatsitse manambala oyambira mpaka 10. Tinalephera kutali, ndipo sitikanathanso, chifukwa mu 2012 Gary McGuire wa ku University College Dublin ndi anzake anasonyeza, atafufuza ndi makompyuta amphamvu, kuti sudoku ya yankho limodzi singakhale ndi manambala oyambira ochepera 17. Mnyamata yemweyo anafunsanso ngati sudoku zidzathe tsiku lina, ndipo ndinamulembera pa bolodi chiwerengero cha mabokosi odzaza amene angatheke, chimene Bertram Felgenhauer ndi Frazer Jarvis anachipeza mu 2005: 6,670,903,752,021,072,936,960. Sanafunsenso.

Pamene sindikhulupirira tsambali ndi pa nkhani ya kulimba kwa sudoku. Limalemba kuti iyi ndi yophweka, iyi yapakati, iyi yovuta, koma nditaliyesa kangapo ndaona kuti limangowerenga kuchuluka kwa manambala oyambira. Muyezo umenewu ndi wonyenga. Sabata ina ndinapatsa ana sudoku ya manambala oyambira 30 imene tsamba linati ndi yapakati, ndipo onse anaima pakati pa njira, pakuti panafika pamene mpata uliwonse wotsala unkalola manambala awiri kapena atatu, moti pankafunika njira zimene sindinawaphunzitse. Belu linalira ana ena atayamba kulosera, kulemba ndi kufufuta mpaka pepala kubooka. Sabata yotsatira sudoku ya manambala 25, imene inalembedwa kuti ndi yovuta, inatha bwinobwino, chifukwa nambala iliyonse imene mwana ankapeza inkatsegula njira ya inzake. Kulimba kwa sudoku kumachokera pa malo amene manambala aikidwa ndi mtundu wa kulingalira kumene kukufunika, ndipo zimenezi tsambali siliziyeza. Kuyambira pamenepo sindipatsa ana sudoku imene sindinaimalize ndekha ndi pensulo, ngakhale kompyuta itailemba kuti ndi yophweka.

Pa foni ntchito imayenda koma movutikira. Mipata ndi yaing'ono, chala changa chimagunda mpata woyandikana nawo kawirikawiri, ndipo zithunzi zotsatsa malonda zimatulukira pansi n'kukankha bokosi lonse pamene ukufuna kudina. Zotsatsazo ndizo zimadya bandulo, osati sudoku yeniyeniyo. Pa laputopu zonse zimaoneka bwino, koma tsambali silisunga ntchito palokha: tsiku lina magetsi anazima, batire ya laputopu yanga yokalambayo inatha nthawi yomweyo, ndipo sudoku imene ndinaipanga kwa ola lathunthu inapita. Tsopano ndikafika pakati ndimajambula bokosilo ndi foni. Malangizo onse ali m'Chingerezi, ngakhale kuti mabatani ndi ochepa moti munthu amawazolowera tsiku limodzi.

Kusindikiza ndiko kwandikondweretsa. Tsambali limatulutsa PDF ya sudoku zinayi pa pepala limodzi la A4, mayankho pa pepala lina. Ndimaitumiza pa WhatsApp kwa mnyamata wina wa fotokope kufupi ndi msika wa Kapata, ndipo ndikatsika m'tawuni Loweruka ndimapeza mapepala akonzeka, n'kukawadula panayi ndi sizasi kunyumba. Mizere yogawa timabokosi imatuluka yakuda bwino ngakhale inki ikhale yochepa, chinthu chofunika kwa mwana amene akuphunzira kumene kuona kabokosi pakokha. Pali njira ya sudoku zisanu ndi chimodzi pa pepala, koma mipata imachepa kwambiri kwa ana olemba ndi pensulo yosasongoka. Palinso mabokosi aang'ono a manambala 1 mpaka 4 ndi 1 mpaka 6, ndipo amenewa mphunzitsi mnzanga wa Giredi 3 wayamba kundipempha.

Kwa mphunzitsi, kholo kapena aliyense wofuna kupanga sudoku zake, tsamba lotere ndi loyenera kuliyesa chifukwa cha batani lofufuzira lija, koma kusankha kuti sudoku iti ipite kwa mwana uti kutsale m'manja mwa munthu amene akumudziwa mwanayo. Teremu yachitatu ndikufuna kuti anawo ndiwo azipanga sudoku pa pepala m'magulu a anthu atatu, ine ndizingozilowetsa pa laputopu kuti tione ngati zili ndi yankho limodzi. Mtsikana amene anandifunsa za yankho langa uja wandibweretsera kale yake ya manambala oyambira 34, ndipo nditaifufuza Lachisanu lapitali inatuluka ndi mayankho asanu ndi limodzi. Waitenganso kuti akaikonze pa holide.