Moving planes kapena rearrangement: tigwire njira iti?

Anzanga a masamu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje amene mukudziwerengera ma PDE (partial differential equations), funso ndi ili. Muli ndi −Δu = f(u) mkati mwa ball, ndipo u ndi ziro m'mphepete monse. Mudzatsimikiza bwanji kuti yankho la energy yotsikitsitsa (minimizer) limangodalira mtunda wochokera pakati, kutanthauza kuti lili radial? Energy apa ndi integral ya ½|∇u|² − F(u), pomwe F ndi function imene derivative yake ndi f.

Ambiri amathamangira moving planes chifukwa ndi yotchuka. Anaiyambitsa ndi Alexandrov, Serrin anaigwiritsa ntchito mu 1971, kenako Gidas, Ni ndi Nirenberg mu 1979 anasonyeza kuti f ikakhala Lipschitz (kutanthauza kuti liwiro la kusintha kwake lili ndi malire), yankho lililonse loposa ziro mu ball limakhala radial ndipo limatsika mukamapita kumphepete. Mumayika plane pafupi ndi mphepete, n'kuyerekeza u ndi chithunzi chake cha tsidya linalo, n'kumaikankha mpaka pakati mothandizidwa ndi maximum principle, mfundo yotiuza kuti kusiyana kwa ziwirizo sikusintha sign. Ubwino wake ndi wakuti safunsa za energy n'komwe. Koma f ikangosiya kukhala Lipschitz, kapena mukalowa mu p-Laplacian (mtundu wa Δ umene suli linear), ntchito imakula kwambiri.

Ine mtima wanga uli pa rearrangement, ngati zimene muli nazo m'manja ndi minimizer. Taganizani thonje lomwazika pabwalo ku Ngabu: mukuliunjikanso kukhala mulu umodzi wozungulira, msonga pakati, koma pa msinkhu uliwonse malo amene muluwo ukutenga akhale ofanana kukula ndi poyamba. Mulu watsopanowo ndiwo u*, rearrangement ya u. Integral ya F(u) siisintha, pomwe integral ya |∇u|² siingakwere, monga mwa inequality ya Pólya ndi Szegő. Choncho energy ya u* siiposa ya u. Umboni wake ndi mizere yochepa chabe, ndipo njirayi imagwiranso pa p-Laplacian.

Apa mpomwe ndimaona anthu akupunthwa. Zimenezi zangokupatsani minimizer imodzi yomwe ili radial. Sizinanene kuti zonse zili choncho. Kuti mufike pamenepo mufunika kudziwa chimene chimachitika mbali ziwiri za inequality zikafanana, ndipo ntchitoyo anaigwira Brothers ndi Ziemer mu 1988. Vuto limabisala pamalo amene gradient ili ziro. Musalumphe gawo limeneli, chonde.

Ngati u imasintha sign, kapena muli ndi ma equation angapo olumikizana, njira zonse ziwirizi zimavuta. Pamenepo onani njira ya Lopes ya 1996: mumadula minimizer pakati ndi plane, theka limodzi n'kulitembenuzira mbali inayo, kenako unique continuation (mfundo yakuti mayankho awiri akafanana pa gawo lina amafanana ponse) n'kumaliza nkhani.

Ndipo musanasankhe njira, yang'anani kaye ngati equation yanu ili ndi chochulukitsira chodalira x. Pa equation ya Hénon, −Δu = |x|^α u^p, Smets, Su ndi Willem anasonyeza mu 2002 kuti α ikakula mokwanira, yankho la energy yotsikitsitsa silikhalanso radial, ngakhale ball ili yozungulira bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti |x|^α imakula chakumphepete, ndiye plane imakanika kusuntha, ndipo kuunjikira zonse pakati kumawononga m'malo mothandiza.