Kupana chitsime, kupatutsa kutentha kapena kukusunga pansi: njira iti ikuyenera malo a geothermal?

Malo opangira magetsi ndi kutentha kwa pansi pa nthaka (geothermal) amayenda ngati kasupe, usana ndi usiku chimodzimodzi. Kale umenewo unkatengedwa ngati ubwino wake waukulu. Lero magetsi a dzuwa amadzaza mawaya masana, pakati pa usiku mafakitale ambiri amakhala atatseka, ndiye oyendetsa gridi, mawaya ogawa magetsi m'dziko, akufuna malo otha kukweza ndi kutsitsa mphamvu monga amachitira madamu. Njira zimene zikupikisana ndi zitatu. Poziyerekeza tisaiwale kuti pa geothermal ndalama zambiri zimathera pokumba zitsime, ndipo mafuta ogula palibe. Jenereta ya dizilo ukaizimitsa wapulumutsa dizilo, koma chitsime ukachipana palibe chimene wapulumutsa, ngongole ya kubanki ikungowerengabe masiku.

Njira yoyamba ndi yongotsitsa magetsi basi. Ku Olkaria ku Kenya, kumene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1981, usiku wina magetsi amachuluka kuposa ofunika, ndipo nthunzi ina imangotayidwa m'mwamba. Wina angafunse kuti bwanji osangotseka valavu ya pachitsime. Chitsime sichikonda kutsekulidwa ndi kutsekedwa pafupipafupi. Chikazizira n'kutenthanso, mapaipi achitsulo amatanuka ndi kukhwinyata mpaka simenti yowagwira imang'ambika, miyala yosungunuka m'madzimo imayamba kumata m'mapaipi, ndipo zitsime zina zikaima zimavuta kudzutsanso.

Makina a mtundu wa binary amachita bwinoko. Madzi apansi sakhudza turbine, chimkupiza chozunguza jenereta, amangotenthetsa madzi ena owira msanga monga pentane, ndiye ukafuna kutsitsa umangolambalalitsa nthunzi ya pentaneyo, chitsime chikuyenda monga kale. Malo a Puna pa chilumba cha Hawaii, a kampani ya Ormat, atawakuza anagwirizana ndi kampani ya magetsi kuti azitha kuyenda pakati pa mamegawati 22 ndi 38. Zinatheka chifukwa gridi ya pachilumba ndi yaing'ono ndipo chopikisana nacho ndi mafuta odula obwera pa sitima. Komabe kutentha kolambalalitsidwako kumangopita mumphepo.

Njira yachiwiri ndi imene ine ndimaikonda: chitsime osachikhudza, koma kutentha kukafika pamwamba uzikusankhira kopita. Anthu a ku Iceland ndiwo akatswiri. Malo awo a Nesjavellir anayamba kutumiza madzi otentha ku likulu la dzikolo, Reykjavik, mu 1990 kudzera pa paipi ya makilomita pafupifupi 27, magetsi anabwera pambuyo mu 1998. Malo ena, a Hellisheiði, amatulutsa mamegawati 303 a magetsi, ndipo kutentha kotsala kumatenthetsa madzi ozizira opita m'nyumba za anthu. Madzi otentha amasungika mosavuta kusiyana ndi magetsi. Nyumba yagalasi ya Perlan imene alendo amakonda kujambula ku Reykjavik inamangidwa pamwamba pa mathanki osungira madzi amenewa. Thanki ndi batire lotsika mtengo kwambiri.

Nkhani ya Unterhaching, pafupi ndi Munich ku Germany, ndi yopatsa chidwi. Madzi awo amachokera pa mtunda woposa makilomita 3 pansi, otentha madigiri oposa 120. Maganizo anali akuti nyengo yozizira azitenthetsa nyumba, nyengo yotentha azipanga magetsi. Makina a magetsi anayamba mu 2009, koma nyumba zolumikizidwa zitachuluka, mu 2017 anawazimitsa n'kutsala pa kugulitsa kutentha kokha. Pa madigiri otsika chotere, gawo laling'ono chabe la kutentha ndi limene limasanduka magetsi, pamene ukakugulitsa mwachindunji pafupifupi konse kumafika kwa wogula.

Nanga kwa amene sitidziwa chisanu cha ku Ulaya? Apa m'pamene kuziziritsa kumalowa. Makina otchedwa absorption chiller amaziziritsa pogwiritsa ntchito kutentha, ngati mafiriji a parafini aja amene tinkawaona m'magolosale ndi m'zipatala za kumidzi, moto pansi koma mkati muli ayezi. Ku Chena Hot Springs ku Alaska madzi ndi otentha madigiri 74 okha, koma kuyambira 2006 amapanga nawo magetsi, ndipo madzi omwewo amasunga nyumba yomangidwa ndi ayezi kuti isasungunuke chaka chonse. Ku Naivasha ku Kenya, famu ya maluwa ya Oserian inkagwiritsa ntchito kutentha kwa pansi potenthetsa nyumba zolimamo maluwa usiku. Ndikaganiza za akasupe athu otentha a ku Chiweta kapena Mawira a ku Nkhotakota, onse pafupi ndi nyanja, chimandibwerera msanga ndi ayezi wa asodzi ndi choumitsira nsomba, magetsi pambuyo. Anzathu a ku Zambia anamanga kamalo ka magetsi ku Kapisya m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika m'ma 1980, ndipo sikanagwire ntchito monga ankayembekezera.

Chofooka cha njirayi n'chakuti kutentha sikuyenda ulendo wautali ngati magetsi. Mapaipi okutidwa bwino ndi odula, ndipo ngati pafupi palibe tauni kapena fakitale yogula, zonsezi ndi zapapepala.

Njira yachitatu ndi yatsopano, ndipo imatheka pa zitsime zokumbidwa m'thanthwe louma limene amaling'amba dala. Kampani ya Fervo inayesa ku Nevada ku America, pa malo ake a mamegawati 3.5 amene anayamba kupereka magetsi mu 2023. Masana magetsi akatchipa amatseka chitsime chotulutsa madzi otentha uku akupopabe madzi m'chinzake cholowetsera. Ming'alu imafufuma ndi mphamvu ya madziwo, ndipo madzulo akatsekula amatuluka ochuluka kuposa nthawi zonse. Mwa zitatuzi, iyi yokha ndi imene imabweza zimene unasunga masana ngati magetsi. Koma imafuna thanthwe losataya madzi, choncho m'malo achilengedwe monga Olkaria, momwe ming'alu yake ndi yolumikizana mpaka kutali, mphamvuyo ingangothawa. Kupopera madzi pansi mwamphamvu kulinso ndi mbiri yake: ku Basel ku Switzerland ntchito inaima chivomezi cha 2006 chitachitika, ndipo ku Pohang ku South Korea cha 2017 chinagumula nyumba.

Nditakhala pa tebulo logamula, ndingafunse kaye amene ali pafupi ndi chitsimecho. Ngati pali tauni, fakitale kapena doko la nsomba, yachiwiri yapambana popanda mkangano. Ngati ndi kutchire kopanda wogula kutentha, binary yolambalalitsa ingathandize, pokhapokha mgwirizano ndi kampani ya magetsi ukulipira kukhala tcheru kwako, osati mayunitsi okha amene watulutsa. Yachitatu ndingadikire kaye ndione mmene malo aakulu a Fervo a Cape Station ku Utah ayendere zaka zingapo.