Glock 19 ndaitenga tsopano, mmene ndaionera masabata awiri oyambawa

Abale anga a kuno ku Joni, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti mfuti ija inafika kodi, eya yafika, ndinakaitenga ku shopu masabata awiri apitawa. Ndi Glock 19 Gen5, kutanthauza m'badwo wachisanu wa mfuti za Glock, ya zipolopolo za 9mm. Ndinalipira kalekale koma kuno mfuti sumangolipira nkunyamula ngati ketulo ayi, imatsala kwa wogulitsa mpaka layisensi yako ituluke, ndiye miyezi yonseyi inali yanga pa pepala chabe.

Ndiyambe ndi zimenezo chifukwa ena mumaganiza kuti bola ndalama basi. Lamulo lake ndi Firearms Control Act ya 2000, umayenera kukhala nzika kapena ukhale ndi permanent residence, zaka 21 kupita mmwamba, uchite maphunziro kaye, upeze competency ku polisi, satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti, kenako fomu ya SAPS 271 yofunsira layisensi, komanso sefu yomangirira kukhoma kunyumba. Layisensi yanga ndi ya section 13, yodzitetezera, imagwira zaka 5 ndipo pa section imeneyi amalola mfuti imodzi yokha. Amene muli pa permit ya ntchito chonde musayese zogula kwa munthu mmakwalala, mungodziputira ndende. Ine ntchito yanga ndi yonyamula katundu pa bakkie, nthawi zambiri ndimabwerera usiku, ndipo chaka chatha anyamata anandiimitsa pageti nkundilanda foni ndi ndalama ana akuonera pawindo, kuyambira tsiku limenelo mtima sunakhalenso mmalo.

Nditatsegula bokosi chinthu choyamba kundidabwitsa ndi kupepuka. Mfuti imene ndinaphunzirira inali CZ 75, yachitsulo yonse, yolemera bwino, koma iyi kunsi konse ndi pulasitiki yolimba, chitsulo ndi kumtunda kokha ndi zamkati. Yopanda zipolopolo sifika ndi magalamu 700 omwe, ukaithira zipolopolo 15 mu magazini ndi pamene umamva kuti wanyamula kanthu. Mpope wake ndi wa mamilimita 102, ndiye siitali kwenikweni komanso si kaja kakang'ono kothawa mmanja. Kukongola ayi ilibe, ndi yamakona ngati njerwa, yakuda bii, palibe chonyezimira. Amapanga ku Austria ndipo mtundu wa 19 unayamba kutuluka mu 1988, Gen5 yi ndi ya 2017, maonekedwe sanasinthe kwambiri zaka zonsezi ndipo ine zimenezo zinandipatsa chikhulupiriro, chinthu chimene apolisi a maiko ambiri akhala nacho nthawi yaitali chonchi.

Mubokosi munali magazini awiri, kothandizira kuthira zipolopolo, kaburashi, ndi tizidutswa tokulitsira chogwirira kumbuyo. Kothandizira kaja musakataye, sipuling'i ya magazini yatsopano ndi youma zedi, chipolopolo cha 14 ndi cha 15 chala chachikulu chimachita kuwawa. Tokulitsira tija ndinayesa kamodzi nkuchotsa, manja anga si aakulu ndipo chogwirira chake ndi chonenepa kale. Chimene ndakonda pa Gen5 nchakuti anachotsa timizere ta zala tomwe tinali pa Gen3 ndi Gen4, ya mnzanga ndi Gen4 ndipo zala zanga sizimagwera mmalo mwake, pa iyi dzanja limangokhala mmene lafunira.

Ku renji, malo ophunzirira kuwomba mfuti, ndapitako kawiri, zipolopolo 150 zonse pamodzi, sinakakamire ngakhale kamodzi. Imadumpha kuposa CZ ija, izi nzoona, poti ndi yopepuka, koma siipweteka dzanja, ukaigwira ndi manja awiri molimba imabwerera pomwe unaloza. Tsiku loyamba pa mamita 7 zipolopolo zanga zonse zimagwera kumunsi chakumanzere, ndinafika poganiza kuti masayiti, tolozera ta pamwamba pa mfuti, ndi okhota, mphunzitsi wa pa renjipo, bambo wachikulire wodekha kwambiri, anaitenga nkuwomba zisanu zonse pakati penipeni. Anandiuza kuti ndikumakoka tiriga, kokoka ndi chala powomba kaja, mwadzidzidzi poopa phokoso, ndizikoka pang'onopang'ono ngati ndikufinya ndimu. Ulendo wachiwiri zinasintha ndithu. Tiriga yake poyamba imayenda mofewa kenako umafika polimba, ukapitiriza ndi pomwe imalira, ndipo ukamabweza chala umamva kuti tiki, apo ndiye yakonzekanso. Kuzolowera kwake kumafuna nthawi, ine sindinafike. Masayiti ndi apulasitiki, kadontho koyera kutsogolo, masana amaoneka bwino koma vuto langa ndi la usiku pageti, ndiye ndikusunga ndalama yoika owala mumdima.

Tsopano chimene chandikhalitsa pansi kwambiri, ndipo ndikufuna amene mukuganiza zogula mumve bwino. Mfuti iyi ilibe kabatani ka sefite kotsekera ndi chala ngati mmene zilili zina. Zotetezera zilipo zitatu, kamodzi kali pa tiriga penipeni, ziwiri zili mkati, moti itagwa pansi siingalire yokha, koma chilichonse chikakoka tiriga ija, kaya chala kaya mkombero wa shati wakodwa poibwezera mchiuno, iwomba basi. Usiku woyamba ndinagona mochedwa ndikuganiza zimenezi. Ndiye holster, kachikwama koikamo mfuti mchiuno, musagule yansalu yotchipa ija, ine ndinagula yolimba yotseka tiriga yonse, ndipo pobwezera ndimayang'ana ndi maso, osathamanga. Lamulo lakuno limafunanso kuti ukamayenda nayo pagulu ikhale mu holster ndipo yophimbika yonse, pa ichi 19 yandikomera, pansi pa shati yotaya kapena jekete siioneka, kungoti ukakhala pa chiwongolero maola atatu chogwirira chimakukanda mnthiti, ndikusinthasinthabe malo kuti ndipeze pabwino.

Kumasula kuti utsuke nkosavuta, imagawika zidutswa zinayi zokha popanda sipanala kapena chilichonse, koma apanso pali pofunika mutu, kuti slide, chitsulo cha kumtunda chija, ichoke umayenera kukoka tiriga kaye. Ndiye magazini atuluke, ukoke slide, uyang'ane mkati, upisemo ndi chala, ubwerezenso. Ine zipolopolo ndimazisiya mu sefu kuchipinda ndipo ndimatsukira kukhitchini ana atagona, lamulo limeneli ndinadziikira ndekha tsiku loyamba lomwe.

Mayi akunyumba poyamba sanafune ngakhale kuiona, anati mwatibweretsera maliro mnyumba, ndipo sindinawatsutse chifukwa mantha awo ndi anzeru, tili ndi mnyamata wa zaka 9 wogwiragwira chilichonse. Tinagwirizana kuti ikakhala kuti siili mchiuno mwanga ili mu sefu, palibe zoika pansi pa pilo kapena pamwamba pa wadirobu, kiyi ndimayenda naye ndekha. Loweruka lapitali anavomera kundiperekeza ku renji, sanawombe, anangovala zotseka mmakutu nkumaonera, koma pobwerera anandifunsa mafunso ambiri ndipo ndinasangalala.

Za ndalama konzekani, mfutiyo payokha inadutsa R10,000, kuonjeza sefu, maphunziro, holster, ndiye zipolopolo za ku renji zimadya thumba mwezi ndi mwezi, ndipo pa layisensi ngati yangayi sungasunge zoposa 200 nthawi imodzi. Kodi ndingaigulenso? Eya, mosakayika, kwa munthu wofuna mfuti imodzi yoyenda nayo komanso ya pakhomo kukula kwake nkoyenera. Amene manja anu ndi aang'ono kuposa anga kayeseni kaye kuigwira pamodzi ndi mfuti ina yotchedwa CZ P-10 C musanalipire, marenji ena amabwereketsa. Ndikafika zipolopolo 500 ndi masayiti atsopano aja ndidzakuuzaninso mmene ikuyendera.