Mabokosi a laser ophatikiza ndi wailesi, patatha chaka ndikuwagwiritsa ntchito

Tili ndi nyumba ziwiri zoyang'anizana, ofesi ndi kosungira katundu, pakati pake padutsa msewu waukulu ndiye zokumba kuti tidutsitse faiba, chingwe cha intaneti yothamanga, anatikaniza. Tinagula mabokosi awiri odutsitsa intaneti mumlengalenga popanda chingwe, lina padenga la kuno lina la uko, lililonse lili ndi diso la laser komanso kadishi ka wailesi pambali pake. Chaka chakwana tsopano ndiye ndati ndinenepo.

Laser ija imatumiza data ngati kuwala kwa infrared, ndi maso simungakuone, yathuyi ndi ya 1550 nm (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwalako) yomwe ndi yabwinoko ku maso kusiyana ndi za 850 nm. Kunja kukayera liwiro lake ndi ngati faiba ndithu, laisensi ya frequency siyifunika, ndipo kuwalako ndi koonda kwambiri moti oyandikana nawo sangakusokonezeni. Koma ikangoona nkhungu basi yagona. Timadontho ta nkhungu ndi tating'onoting'ono, pafupifupi msinkhu umodzi ndi mafunde a kuwalako, ndiye timakumwaza konse kusanafike tsidya linalo. Wailesi yathu, yomwenso imatumiza data, ndi ya frequency ya 70/80 GHz, iyo nkhungu alibe nayo ntchito kwenikweni, chimene imaopa ndi chimvula cha madontho akuluakulu, pomwe laser mvula imapirirako ndithu. Ndipo nkhungu yothithikana ndi chimvula sizibwera limodzi kawirikawiri, ndiye wina akagwa mnzake amanyamula katundu.

Tsiku loyamba la nkhungu ndinali pa video call m'mawa, nyumba ya tsidya siyikuoneka n'komwe, ndikuyang'ana pa dashboard laser yafiira wailesi yobiriwira, koma call osaduka ngakhale pang'ono. Ma file akuluakulu okha ndi amene ankakwawa, poti wailesi yathuyi siyifika pa liwiro la laser. Apa ndiye ndinakhutira.

Zondinyansa zilipo. Kulunjikitsa maso awiriwo kuti ayang'anizane bwinobwino inali ntchito ya tsiku lonse, ndipo amene anatiikira anamangirira bokosi limodzi pa chitsulo choonda, mphepo ikangowomba chimagwedezeka laser nkumaphonya, mpaka tinachita kusamutsira pa khoma la konkire. Dzuwa likaswa mtengo mpweya wotentha wochoka pamalata umavinitsa kuwalako, ngati momwe msewu wa tala umaonekera ngati pali madzi, signal nkumakwera kutsika. Ndiye pali kangaude wina, iiii ameneyo ndalimbana naye, amakonda kuluka ukonde pa galasi penipeni, mwezi uliwonse ndimakwera ndi kansalu kukapukuta.

Chimene chinandipweteka mutu kwambiri ndi software yosinthira. Nkhungu ikakhala yapakatikati bokosilo limalephera kusankha, laser, wailesi, laser, wailesi, ngati munthu wa zibwenzi ziwiri, ndipo pamenepo intaneti imadukaduka kuposa mmene ikanachitira pa wailesi yokha. Mu settings muli poikira kuti lidikire kaye mphindi zingapo lisanabwerere ku laser, koma m'kabuku kawo sanalembemo, ndinazipeza ndekha patatha miyezi itatu ndipo a support ankangoti tazimitsani muyatsenso.

Kwa okayika kuti kuwala kunganyamule intaneti yeniyeni, a Taara, kampani ya intaneti ya laser, omwe anayambira ku Alphabet (eni ake a Google), mu 2021 analumikiza Brazzaville ndi Kinshasa kuwoloka mtsinje wa Congo, mtunda wa makilomita pafupifupi 5, ndipo anadutsitsa data pafupifupi 700 TB m'masiku 20. Zathuzi ndi kamwana chabe poyerekeza.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Ngati faiba ikutheka kwanuko ikani faiba musavutike, koma ngati pakati pali msewu kapena mtsinje ndipo madenga akuonana popanda mtengo wotchinga, tengani, bola muumirire kuti akumangireni pa khoma lolimba ndipo timer yodikira ija muisinthe tsiku lomwelo.