Class mu Python kapena mu Java: muyambire kuti?

Python, imene Guido van Rossum adatulutsa mu 1991, ndi Java, imene kampani ya Sun Microsystems idatulutsa mu 1995, ndi zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta. Zonse zimaphunzitsa class (chikombole chofotokoza zimene chinthu chimasunga ndi zimene chimachita), koma iliyonse imamulowetsa munthu m'nkhaniyi mwa njira yakeyake.

Tiyerekeze kuti mukulemba class ya akaunti ya kubanki. Mu Python mulemba `class Akaunti:`, pansi pake `def __init__(self):`, kenako `self._ndalama = 0`, basi mwatha. Kamzere kali kutsogolo kwa dzinalo kamangopempha anzanu kuti asakhudze. Wina akapanga akaunti yotchedwa `a` n'kulemba `a._ndalama = -500`, Python imavomera osanena kanthu.

Mu Java ntchito imachuluka. `public class Akaunti` iyenera kukhala mu fayilo yotchedwa Akaunti.java, constructor (gawo lokonza akaunti yatsopano, ngati `__init__` ya mu Python) imatenga dzina la class yomweyo, ndipo object iliyonse, kutanthauza akaunti iliyonse yopangidwa kuchokera mu class, imapangidwa ndi `new`. Koma mukalemba `private int ndalama;`, aliyense woyesa kusintha ndalamazo kuchokera kunja kwa class, compiler (chida chimene chimawunika ndi kumasulira zimene mwalemba) imamukanira pulogalamu isanayambe n'komwe. Apa ndi pamene ine ndimaikondera Java. Wophunzira akakanidwa kangapo amayamba kufunsa yekha chifukwa chake, ndipo amamvetsa kuti class ilipo kuti isunge zinthu zake ndi kulola kuti zisinthidwe kudzera m'ma method ake okha (ma function olembedwa m'kati mwa class), monga losungitsa ndi lotapa ndalama.

Pa zophunzirira, mbali zonse ziwiri zili ndi zaulere zabwino. Maphunziro a CS50P a ku Harvard, ophunzitsidwa ndi David Malan, amafika pa class chakumapeto, pa sabata 8, munthu atazolowera kale ma function ndi ma loop. Phunziro la pa python.org nalo lili ndi mutu 9 wonena za class, ngakhale limalemera kwa woyamba kumene chifukwa limayambira pa namespace ndi scope, nkhani za kumene mayina a mu pulogalamu amasungidwa ndi kumene amagwira ntchito. Kwa Java, maphunziro a University of Helsinki pa mooc.fi ndi amene ndingakuuzeni mosakayika. Class imayamba pa gawo 4, ndipo pali ntchito zambiri zoyeserera zimene kompyuta imakuchongerani nthawi yomweyo. Maphunziro akale a pa webusaiti ya Oracle adalembedwera JDK 8, mtundu wakale wa Java, choncho muwawerenge mukudziwa zimenezo.

Ngati simunalembepo pulogalamu iliyonse, yambani ndi Python ndi CS50P, musatope msanga ndi zizindikiro zambiri. Koma ngati ma loop mukuwadziwa kale ndipo chikukuvutani ndi class yeniyeniyo, pitani ku Helsinki mukalembe Akaunti yanu mu Java.