Pampu ya sola ija ndakhala nayo chaka tsopano, nayi mmene ilili

Ambiri mwakhala mukundifunsa za pampu ya sola ija ndinagula pa shopu ina ya zaulimi pa Dedza boma, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ine dimba langa lili ku Bembeke kumunsi kwa dambo, ndimalima kachewere, kabichi ndi tomato pang'ono, zambiri timakagulitsa pa Lizulu.

Chomwe chinandikankha ndi ng'amba ya El Niño ija ya 2024, chimanga chinangopserera chisanamasule nkomwe, mpaka mu March a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Apa mpomwe ndinadziwa kuti kudalira mvula yokha basi tidzagona ndi njala. Poyamba ndinkathirira ndi makheni, kenako ndinabwereka injini ya petulo kwa achimwene, koma ndi mmene mafuta amasowera muja munthu umataya tsiku lonse pamzere ndi chigubu, kabichi akufota kudimba.

Pampuyo imakoka, zimenezo sindinganame. Dzuwa likangoti ngwee cha mma 9 koloko madzi amayamba kutuluka mpayipi, pofika masana amakhala ali ndi mphamvu moti mabedi omwe ine ndi mayi akunyumba tinkathirira kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka pano ndimamaliza ndekha ndisanadye nsima yamasana. Phokoso palibe, utsi palibe, kwacha ya mafuta sinditulutsanso. Mu September ndi October nde inagwira ntchito heve, tomato wanga anali wobiriwira pomwe madimba oyandikana nawo anali mbee.

Koma inu a kuno mukudziwa mmene June ndi July amakhalira, chifunga chija chimatha kukhala mpaka 11 koloko, kamphepo ka mwera kali puu. Masiku amenewo pampu imangodontheza ngati mpopi wakutha, ndinabwereranso ku makheni masiku angapo. Izi ogulitsa sanandiuze, amangoti bambo dzuwa ndi laulere. China ndi kasefa kakumunsi kaja, chitsime chathu ndi chamatope nde kamatsekeka pafupipafupi, ndinachita kuphunzira ndekha kukamanga mkati mwa ndowa yoboolaboola kuti kasamakhudze pansi. Payipi yomwe amapereka ndi yaifupi, ndinagula ina. Ndipo kalabala kena katatha anandiuza kuti tidikire kachokere ku Lilongwe, masabata atatu athunthu! Anyamata apashopupo ndi aulemu, foni amayankha, koma sipeya sasunga, apa akonze ndithu. Mapanelo nawo usawasiye kudimba, ine ndimawanyamula panjinga madzulo aliwonse chifukwa akuba ndi ambiri.

Mtengo nde umene ukundipweteka mumtima mpaka lero. Ndinagulitsa mbuzi zinayi ndi kachewere wa sizoni yonse, komabe ndinatsala ndi ngongole ku banki mkhonde. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinangokwera osatsikanso. Nanga mayi wamasiye woyandikana nane uja, wa mabedi asanu, angaipeze bwanji?

Ine ndimamvera wailesi nkhani za misonkhano ya zanyengo zija. Ku Baku mu 2024, pa COP29, mayiko olemera analonjeza $300 biliyoni pachaka pofika 2035, pomwe mayiko osauka ankapempha yoposa $1 thililiyoni. Gulu la mayiko osaukitsitsa linkatsogoleredwa ndi Mmalawi mnzathu a Evans Njewa, ndipo nthawi ina anatuluka mchipinda chokambirana chifukwa chosakhutira, ine ndinawamvetsa bwino. Kale mu 2009 ku Copenhagen analonjezanso $100 biliyoni pachaka pofika 2020 koma inachedwa kukwana, komanso yambiri inali ngongole. Utsi wawononga nyengowu si wathu, ife ngakhale magetsi kumudzi tilibe, koma Freddy mu 2023 anakokolola abale athu ku Blantyre ndi ku Mulanje. Nde akamati ndalama zothandiza anthu kuzolowera kusintha kwa nyengo, ine ndimaona pampu ngati iyi, ikanafika ku makalabu a alimi pa mtengo wotsika, sipeya nkumapezeka pa boma pompa.

Ngati muli ndi madzi pafupi ndipo mungasonkherane anthu atatu kapena anayi, gulani, simudandaula. Koma funsani kaye kuti imakoka kuchokera pa mamita angati, muyeze chitsime chanu mu October madzi atatsika, osati mu April. Muziphimbiranso mabedi ndi mapesi monga amanenera alangizi, ine chiyambireni kuphimbira ndimathirira katatu pasabata mmalo mwa tsiku lililonse, nde masiku achifunga aja sandiopsanso kwambiri. Pa 5 ndikuipatsa 4, imodziyo ndachotsera sipeya.