Sukulu ya ma shoti ya hockey kuno ku Calgary, zomwe ndaona pa mwana wanga wa difensi

Makolo anzanga omwe ana anu alowa hockey kuno ku Canada, makamaka inu amene kochi anakuikirani mwana kumbuyo ngati difenda, ambiri mwakhala mukundifunsa za ka sukulu ka ma shoti komwe mnyamata wanga wakhala akupita nyengo yozizira yathayi, kuti kodi n'kwaphindu kapena ndi kungotaya madola. Ine ndikuti lipirani ndithu ngati thumba likulola. Koma musapite ndi maganizo oti mwana akabwerako ali ndi shoti yang'amba ukonde, zomwe amaphunzitsa kumeneko ndi zina, ndipo kwa ine ndi zabwino kuposa pamenepo.

Malowo ali mu ka warehouse kumpoto chakum'mawa kwa tauni, mkati anagawa timinjira tingapo, pansi anayala ayisi wa pulasitiki uja, kumapeto kwa kanjira kalikonse kuli golo, pali ka radar koyeza liwiro la puck (kamphira kakuda kaphwatalala komwe amamenya mu hockey) komanso tabuleti yojambula vidiyo. Kamodzi pa sabata amabwereka rinki ya ayisi weniweni. Wophunzitsa ma difenda ndi mnyamata wachikulire ndithu yemwe anasewerako mu ligi ya achinyamata ya junior ngati difenda iyeyo, wofatsa, sakalipira ana. Wanga ali ndi zaka 12, ali mu U13 (gulu la ana osakwana zaka 13), ija kale ankaitcha Peewee Hockey Canada isanasinthe mayina mu 2020.

Tsiku loyamba puck sanaigwire msanga, kochi anayamba watenga ndodo ya mwana nkuitsamira pansi kuti aone mmene ikupindikira. Ndodoyo tinachita kupatsidwa ndi banja lina la ku tchalitchi, inali ya mwana wawo wamkulu, flex 65 (nambala yoonetsa kulimba kwa ndodo), ndiye anaidula kuti ifupike, ndipo ndodo ukaidula imalimba kuposa nambala yolembedwapo. Kochi amati nambala ya flex izikhala pafupifupi theka la kulemera kwa mwana mu mapaundi, ndiye mwana wa mapaundi 90 akufunika cha m'ma 45 kapena kutsikirako pang'ono. Chifukwa chake nchoti mphamvu ya shoti sichokera m'mikono mokha ayi, mwana amakanikiza ndodo pa ayisi, ndodo imapindika kenako imabwerera nkutulutsa puck ngati legeni. Ndodo ikamukanika kupinda basi mwana amangokankha ndi mapewa, puck imayenda mwaulesi, iye nkumadziona ngati alibe mphamvu pomwe vuto ndi ndodo. Titasintha ndodo yokha shoti inasintha sabata yomweyo, ndipo sitinagule ya mtengo, tinapeza ya kaunjika ku Play It Again Sports. Zija zopitirira madola 300 mwana wa msinkhu uwu sakuzifuna, akula nkuisiya chaka chisanathe.

Chachiwiri chomwe chinakwiyitsa ana onse mu gulu lake: masabata oyambirira slap shot, shoti yokweza ndodo m'mwamba nkumenya puck mwamphamvu, analetsa. Mwana aliyense wa difensi amalota slap shot, amaonera mavidiyo a Zdeno Chara akumenya puck ma mailosi 108.8 pa ola ku All-Star ya 2012, nde amafuna naye akweze ndodo mpaka kumwamba. Koma mmene anatifotokozera ife makolo zinandigwira mtima. Kuchokera pa blue line, mzere wa buluu womwe difenda amaimapo timu yake ikamaukira, kukafika pa mzere wa golo ndi mafiti 64, ndi kutali kwa mwana wa zaka 12, ndipo pakati pamakhala miyendo ya anthu yokhayokha. Nthawi yomwe mwana akukweza ndodo m'mwamba, maso ali pansi pa puck, wakutsogolo wa timu inayo wafika kale patsogolo pake, puck nkumenya ma shin pad nkubwerera kumbuyo kwa difenda, uyo wathawa nayo yekha kupita kwa goloboyi wathu. Amene mwakhalapo pa ma benchi ozizira aja mwaionapo imeneyi, ine ndaiona kangapo pa mwana wanga yemwe chaka chatha ndipo ankabwerera kunyumba osayankhula. Nde ntchito ya difenda pa blue line sikuti agoletse iyeyo nthawi zonse, ntchito ndi yoti puck idutse munthu woyamba uja ikafike pa golo. Ikafika pamenepo zambiri zimachitika, wina aigunda ndi ndodo isinthe njira, goloboyi aibweza wina nkumalizitsa, kapena goloboyi sanaione nkomwe chifukwa mnzake wamutchinga maso.

Ndiye anayamba ndi wrist shot ndi snap shot, kutulutsa puck msanga osachita kuikonzekera nthawi yaitali, ndipo yotsika, isapitirire m'mawondo. Yotsika chifukwa anzake omwe aima kutsogolo kwa golo atha kuigunda, komanso saopa kuima pamenepo, mwana ukamumenya puck pachifuwa kawiri katatu sabweranso kutsogolo kwa golo. Anawaonetsanso kuti kuphonya golo cha m'mwamba mbali yakutali ndi koopsa kuposa kuponya shoti yofooka, chifukwa puck imazungulira m'ma board (khoma lozungulira rinki) nkutuluka yokha mu zone, chigawo chomwe kuli golo la adani, timu yonse nkuyamba kuthamangira kumbuyo. Pa izi anatchula Nicklas Lidström wa ku Detroit, yemwe anatenga Norris Trophy, mphoto ya difenda wabwino kwambiri mu ligi yaikulu ya NHL, ka 7 koma sankadziwika ndi shoti yoopsa ayi, ankadziwika ndi shoti yomwe imadutsa.

Gawo lomwe ine ndinganene kuti ndalama yanga inagwira ntchito ndi loyenda pa mzere, kusuntha cham'mbali pa blue line puck ili pa ndodo mutu uli m'mwamba. Kochi amaima patsogolo pa mwana atavala ma shin pad, ndodo m'manja, mwana akalandira puck kuchokera ku board asaponye pompo ngati njira yatsekeka, asunthe masitepe awiri atatu kupita chapakati, kapena akokere puck kufupi ndi mapazi ake, kusuntha pang'ono chabe njira yatseguka. Poyamba wanga ankati akakweza mutu puck yathawa, akayang'ana puck kochi wamulanda, ndipo puck ikangotuluka pa mzere onse atuluke kaye kuopa offside, nde kulakwitsa pamenepa kumaononga ntchito ya anthu asanu. Anabwereza chinthu chimodzimodzicho mpaka mapazi anazolowera okha. Apa mpomwe tabuleti ija inathandiza, mwana akaziona yekha pa vidiyo kuti maso anali pansi sachitanso makani, pomwe ine ndikamuuza m'galimoto amati bambo inu simunasewerepo hockey, ndipo akunena zoona.

Amawaonetsanso timavidiyo ta Cale Makar, ndiye poti ndi mwana wa konkuno ku Calgary, anasewera ku timu ya junior ya Brooks Bandits asanapite ku koleji ndi ku timu ya Colorado ya NHL, ana amamvetsera ngati nkhani ya m'bale wawo. Munthuyu anatenga Norris mu 2022 ndi 2025, ndipo mu 2022 momwemo anatenganso Conn Smythe, mphoto ya wosewera bwino kwambiri m'masewero a ndime zomaliza, timu yake itapambana Stanley Cup, chikho cha NHL. Koma kochi samawaonetsa zigoli zokongola zija, amaimitsa vidiyo pomwe Makar akuyang'ana paphewa asanatenge puck kuseri kwa golo lake, kenako nkufunsa ana kuti waona chiyani, apatsira ndani. Ndinasangalala nazo chifukwa masewero a kutsogolo a difenda amayambira kumbuyo komweko, pasi yoyamba yotulutsa puck mu zone. Pasi imeneyo ikafika pa ndodo ya mnzake ali pa liwiro, difenda atha kuwatsatira ngati munthu wachinayi, ndipo nthawi zambiri wachinayiyo ndi amene palibe akumuyang'anira. Komanso chaka chamawa akulowa U15 komwe m'matimu apamwamba kumayamba body checking, kugundana ndi thupi kololedwa, mwana wosazolowera kuyang'ana paphewa ndi amene amagundidwa osayembekezera, nde ine ngati kholo chimenechi ndimachiwerengera kuposa chigoli.

Makolo ena achikulire kuno amakhulupirirabe kuti difenda azingokhala kumbuyo nkumataya puck kutali, mumawamva akukuwa pa geimu. Komatu Bobby Orr anatsogola ligi yonse ya NHL pa mapointi mu 1970 ndi 1975 ali difenda, zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo Erik Karlsson anapeza mapointi 101 mu sizoni ya 2022-23. Mwana amene amangophunzitsidwa kutaya puck amakula akuiopa puck.

Kanthu kena kakang'ono, wanga amagwira ndodo chakumanja, kochi anati asasinthe olo wina amuuze, chifukwa kuno ambiri amagwira chakumanzere ndiye ma difenda a kumanja amasowa m'matimu.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Choyamba ndi ka radar kaja. Kochi akuphunzitsa kuti mphamvu si nkhani yaikulu, koma pa khoma pali bolodi la manambala oonetsa amene wamenya mwamphamvu sabata imeneyo, ndipo ana ndi ana, kochi akangotembenuka onse ali pa radar kukweza ndodo m'mwamba, zonse anaphunzira aiwala. Mwini wake wa malowo amalikonda bolodilo chifukwa makolo amakonda kuona nambala ikukwera, koma likulimbana ndi zomwe kochi wake yemwe akuphunzitsa. Akanaika bolodi la amene wadutsitsa ma puck ambiri pa munthu wotchinga bwenzi zili bho.

Chachiwiri, Loweruka amadzaza ana mopitirira muyezo. Umalipira ola lathunthu koma mwana nthawi yambiri ali pa mzere kudikira, kochi mmodzi sangaone manja a mwana aliyense. Ife tinasamukira pakati pa sabata madzulo, kumakhala ana ochepa ndipo mtengo ndi womwewo, nde funsani kaye kuti mu gulu mukhala ana angati musanalipire, ndipo musalole phukusi la miyezi yambiri lomwe amakukakamizani pa kauntala tsiku loyamba, yambani ndi makalasi ochepa muone kochi wake. Pa kauntala pomwepo amagulitsanso ndodo zodula ndipo amayankhula ngati popanda imeneyo mwana satukuka, pomwe kochi mkatimo watiuza zina.

Chachitatu ndi chachikulu, ayisi wa pulasitiki si ayisi. Ma skate sayenda chimodzimodzi, amakhakhala, amabunthitsa mipeni yake msanga moti mumanola pafupipafupi, ndipo mu kanjira kaja mulibe munthu akukuthamangitsa kuchokera kumbali. Chinthu chovuta kwambiri kwa difenda wamng'ono, kudziwa nthawi yolowa mkati kukatseka puck pa board ndi nthawi yobwerera, sichingaphunzitsidwe mmenemo. Akalowa pa nthawi yolakwika mnzake wa difensi amatsala yekha ndi adani awiri. Kochi amati asanalowe ayang'ane ngati wakutsogolo mmodzi ali kumbuyo kwake kumutchingira malo, pakamwa nzosavuta koma pa geimu ndi kanthawi kochepa zedi, ndipo tsiku limodzi la ayisi weniweni pa sabata silikwanira. Wanga pamenepa akadali pakati, tsiku lina amalowa bwino, tsiku lina amazengereza nkukhala pakatikati osalowa osabwerera, komwe ndi koipa kuposa zonse ziwiri. Sindikuimba mlandu kochi, malowo ndi omwe ali ndi malire ake, kungoti pa zotsatsa zawo amalemba ngati aphunzitsa masewero onse a difenda pomwe kwenikweni ndi sukulu ya manja ndi shoti.

Za ndalama, hockey ndi yodula kale musanawonjezere makalasi apadera, ndipo ambirife tili ndi abale kumudzi omwe akutiyang'ana, nde musachite ngongole chifukwa cha izi. KidSport ndi Jumpstart ya Canadian Tire amathandiza mabanja ovutika pa ndalama yolembetsera masewero, yambani mwafunsa kumeneko kuti ya ligi ichepe. Ndipo theka la zomwe mwana amaphunzira ku sukuluyi limakhazikika kunyumba kwaulere. Ife tinaika ka shooting pad, kapulasitiki koterera koponyerapo puck, mu garaja ndi ukonde wakale ndi chidebe cha ma puck, ine ndimaika mpando patsogolo pake ngati munthu wotchinga, iye asunthe kaye asanaponye. Puck wamba imalemera ma ounce 6, pali zina za olenji za ma ounce 10 zolimbitsira manja, kochi anati aziponya zochepa chabe chifukwa mwana akatopa nazo amayamba kupotoza thupi nkuononga kaponyedwe. Tetezani chitseko cha garaja ndi thabwa ngati nyumba ndi ya lendi. Kenako ma rinki a panja a m'ma community aja, aulere, komwe amasewera ndi ana akuluakulu popanda kochi wowaimbira wezulo, kumeneko nkomwe ndinamuona koyamba akuyenda pa mzere osachita kuganiza.

Kodi wagoletsa zambiri? Ayi, zigoli zake sizinachuluke kwenikweni. Chomwe chasintha nchoti ma shoti ake sakubwereranso m'miyendo ya anthu, ma assist akwera chifukwa anzake akumalizitsa zomwe goloboyi wabweza, ndipo chakumapeto kwa sizoni kochi wa timu yake anayamba kumuika pa power play, nthawi yomwe timu inayo yaperewera munthu chifukwa cha chilango, chinthu chomwe chaka chatha sichinkachitika.

Ngati mwana wanu ali mu U9 kapena akuvutikabe kutsetsereka chobwerera m'mbuyo, musapite kaye, ndalamayo ikani ku makalasi a skating, difenda wosatha kubwerera chambuyo shoti simuthandiza. Wa U11 wamkulu kapena U13 amene ma skate akuwatha, mupititseni, pakati pa sabata, kwa kochi wa ma difenda osati aliyense amene alipo tsiku limenelo, ndipo tengani ndodo yake akaione musanagule ina. Ife tibwererako mu Okutobala, koma miyezi ya masika ino ndamulembetsa ligi ya atatu atatu pa ayisi weniweni kuti nkhani ya kulowa ndi kubwerera ija akaiphunzire anthu akumuthamangitsa.